Msewu Ukaduka: Kukonzekera Matenda a Nthawi ya Madzi Osefukira kwa Kanyenda

Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira pambuyo pa mvula yamphamvu, madzi n'kulowa m'midzi ya kwa Kanyenda ndi madera ena a boma la Nkhotakota. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inalengeza kuti anthu opitirira 14,000 ndiwo anakhudzidwa, ndipo ambiri a iwo anakasonkhana m'misasa, makamaka m'masukulu. Ena anataya miyoyo. Asilikali anachita kubwera ndi maboti kudzapulumutsa anthu omwe madzi anawatsekereza, ndipo msewu wa M5, womwe umalumikiza Dwangwa ndi Nkhotakota kummwera komanso Nkhata Bay kumpoto, unaduka. Za nyumba zogwa, mbuzi zokokoloka ndi mpunga womira anthu amakamba mpaka lero. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti msewu ukaduka, chipatala chachikulu cha boma, chomwe chili pamtunda wa makilomita opitirira 50 kuchoka pa Dwangwa, sichifikirika, ndipo ngakhale chaching'ono chapafupi chimatha kukhala kutsidya kwa madzi. Kabuku kano kakunena chinthu chimodzi: m'masiku atatu kapena anayi oyamba, thandizo lisanafike, moyo wa mwana wotsekula m'mimba, wa mayi woyembekezera ndi wa agogo omwa mankhwala tsiku ndi tsiku umadalira zimene banja linasunga ndi zimene linapangana ndi anansi mvula isanayambe. Zinthu zake n'zazing'ono, zambiri sizilira ndalama, koma nthawi yozikonza ndi Okutobala ndi Novembala, osati usiku umene madzi alowa m'nyumba.

Kuti timvetse chifukwa chake matenda amalondola madzi kuno, tiyang'ane malo amene timakhala. Mtsinje wa Dwangwa umachokera kumtunda kwa Kasungu, ndipo ukatsika mapiri umafika pachigwa chathyathyathya chomwe chimathera kunyanja. Nzimbe ndi mpunga zimakonda chigwachi chifukwa ndi cha nthaka yomwe mtsinjewo wakhala ukutsira kwa zaka zosawerengeka, kutanthauza kuti kusefukira ndi khalidwe lake ndithu. Mvula ikhoza kugwa kumtunda kuno kuli ng'aa, madzi n'kutipeza usiku. Pansi pa nthaka madzi ali pafupi, n'chifukwa chake chitsime sichivuta kukumba, komanso n'chifukwa chake chimbudzi chokumba pamchenga chimagumuka mvula ikalimbikira. Mu 2024 momwemo nyanja nayonso inakwera kuposa mmene yakhala ikuchitira kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba za m'mphepete. Tsono madzi akasefukira amakokolola za m'zimbudzi, za m'makola ndi za kudzala, n'kukazithira m'zitsime, m'madambo oviikamo chinangwa ndi m'mbali mwa nyanja momwe amayi amatunga ndi kutsukira mbale. Madziwo akaphwa, dothi limadikha, pamwamba n'kuoneka mbee, koma tizilombo ta kolera, ta kamwazi ndi ta tayifodi sitioneka ndi maso.

Umboni wa zimenezi sitikuchita kuutenga kutali. Mliri wa kolera womwe unavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, patangopita namondwe wa Ana. M'malo moti uzilale m'chilimwe monga mwa kale, unayenda m'mbali mwa nyanja, n'kuvuta kwambiri ku Nkhata Bay, kuno ku Nkhotakota ndi m'madoko ena a asodzi m'miyezi yopanda mvula, kenako n'kufalikira m'maboma onse. Anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo opitirira 1,700 anamwalira. Pa anthu 100 alionse odwala, pafupifupi atatu ankafa, chikhalirecho akatswiri a bungwe la WHO amanena kuti odwala akalandira thandizo msanga, omwalira safika ndi mmodzi yemwe pa 100. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi kwagona pa nthawi. Kolera sapha ndi ululu wodabwitsa ayi, amapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu amene wayamba kutsekula m'mawa akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe. Ambiri mwa omwe anafa anafera kunyumba, panjira, kapena anafika kuchipatala atafookeratu. Ngati zinali choncho misewu ili bwinobwino, nanga pamene mlatho wamira?

Madzi akumwa ndi Thanzi ORS

Choyamba kusunga ndi njira yotetezera madzi akumwa. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limamwa pafupifupi chigubu chimodzi cha malita 20 patsiku, osawerengera ophikira ndi osamba. Choncho pakhomo pazikhala chigubu chimodzi kapena ziwiri zokhala ndi chotsekera, zopatulidwira madzi akumwa okha, ndi botolo la WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. WaterGuard mumathira kachivundikiro kamodzi m'malita 20, kukhutchumula, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala a matope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muthire tizivundikiro tiwiri, chifukwa dothi limadya mphamvu ya mankhwala. Klorini wosungunula kale amene mlangizi amakupatsani m'botolo ali ndi muyeso wakewake, ndiye mufunseni bwino, ndipo musamusiye padzuwa kapena kumusunga miyezi, pakuti amasukuluka. Kuwiritsa madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi kumaphanso tizilombo, koma nkhuni zouma zimasowa nthawi yomwe zikufunika kwambiri, n'chifukwa chake kudalira moto wokha sikokwanira. Ambiri amadandaula kuti madzi a klorini amanunkha, amasintha kakomedwe ka tiyi, ndipo ena amati amauma kukhosi. Fungolo lilipodi, palibe chifukwa chokanira. Likakhala lamphamvu kwambiri nthawi zambiri ndiye kuti muyeso wapitirira, ndipo limachepa madzi akakhalitsa. Ena amati mjigo wathu ndi wabwino, sitinadwalepo nawo. Mjigo umene madzi osefukira anaumiza, kapena umene simenti yake yapansi inang'aluka, sulinso mjigo womwe mumaudziwa uja mpaka a zaumoyo atauthira mankhwala. Komanso madzi abwino amaipira kunyumba: kapu yomwe mwana wagwira ndi manja osasamba ikamira m'ndowa, ndowa yonse yatha. Chigubu chapakamwa pang'ono chimaposa ndowa chifukwa simungathe kumizamo dzanja, mumachita kutsanula.

Chachiwiri ndi Thanzi ORS, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa timapaketi timeneti ndi timene timaima pakati pa wodwala ndi manda pamene njira yatsekeka. Banja lililonse lisunge timapaketi tosachepera khumi, mu jumbo yomanga bwino, pamalo okwera. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, osachepetsa madzi poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a madzi ogula a theka la lita, kapena theka la botolo la Sobo la malita awiri. Ndi bwino kuyezeratu lero n'kulemba chizindikiro pabotolo kusiyana n'kumayerekeza mumdima. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi, wa zaka ziwiri mpaka khumi amwe theka la kapu kapena kapu yodzaza, ndipo wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi khumi, muyambirenso ndi supuni pang'onopang'ono. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Zotsala zikagona tsiku lathunthu, tayani, mupange zina. Ngati mapaketi atha, sungunulani masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Mchere ukachuluka umavulaza mwana, choncho lawani: asawawe kuposa misozi. Chimbudzi cha kolera chimakhala chamadzimadzi, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo nthawi zambiri sichipweteka m'mimba, zomwe zimapusitsa anthu kuti adikire kaye. Maso akalowa m'kati, khungu la pamimba mukalitsina n'kumachedwa kubwerera, mkodzo ukasiya, kapena liwombo la khanda likalowa, madzi atha m'thupi. Liwombo lolowa silifuna mankhwala opaka pamutu, likufuna madzi m'mimba. Yambani kumwetsa pomwepo, ndipo pitirizani kumwetsa muli pabwato, pakabaza kapena pamachira kupita kuchipatala. Thanzi salowa m'malo mwa chipatala, amangomusunga wodwala kuti akafikeko ali moyo. Kwa ana, alangizi a zaumoyo amaperekanso mapiritsi a zinki omwa kwa masiku khumi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amathandiza kuti kutsekulako kusabwerere msanga.

Pofika apa wina anena kuti zonsezi n'zokamba anthu okhuta. Mwezi wa Novembala ufa watha, feteleza akufunika, fizi ikudikira, ndiye wina azigula mankhwala a matenda amene sanabwere? Funsoli ndi lolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Koma tiwerenge bwino. Thanzi ndi klorini zimaperekedwa ulere kuchipatala cha boma ndi kwa alangizi a zaumoyo zikakhalapo, ndipo zimapezeka mosavuta mliri usanayambe kusiyana ndi pamene mudzi wonse ukuzifuna tsiku limodzi. Chigubu chilipo kale pakhomo. Phulusa, lomwe limathandiza posamba m'manja sopo akasowa, sitigula. Zogula zenizeni ndi sopo, mabatire a tochi ndi machesi, zomwe mtengo wake sufika pa ndalama yomwe wa kabaza amatchula usiku kunyamula wodwala m'matope, osanenanso za bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Nthawi yabwino yopatula kandalamako ndi pamene mwagulitsa mpunga, pamene usipa wagwidwa bwino, kapena pogawana za banki mkhonde. Gulu la banki mkhonde likhozanso kugwirizana kuti thumba lake la zadzidzidzi lizithandiza pa mayendedwe a wodwala m'miyezi ya mvula. Wina anenanso kuti imeneyi ndi ntchito ya boma ndi mabungwe. Zoona, ndipo lamulo likutero: mu 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loyendetsera za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la 1991 lomwe linabwera pambuyo pa ngozi ya ku Phalombe, ndipo cholinga chake chachikulu ndi kukonzekera ngozi isanagwe. Tili ndi ufulu wonse wofunsa khonsolo, phungu ndi makhansala za milatho, mijigo ndi mankhwala, ndipo tisatope kufunsa. Komabe ngakhale boma litakhala ndi chilichonse m'nkhokwe zake, galimoto siwoloka pomwe palibe mlatho, ndipo namondwe Freddy anaonetsa mu Malichi 2023 kuti madera ena a kummwera anakhala masiku ambiri osafikirika. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo lomwe lili m'galimoto kutsidya la mtsinje silingamwetse mwana usiku uno.

Omwe amadwala kale

Ngozi ikagwa maso onse amakhala pa ovulala, koma pali gulu lina lomwe limavutika mwakachetechete: omwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga, a mphumu ndi a khunyu. Munthu wa khunyu akadumphitsa mankhwala masiku ochepa akhoza kugwa, ndipo kugwa pafupi ndi madzi kapena moto wa pamsasa ndi imfa. Wa TB akadukiza, matenda amatha kubwerera osamvanso mankhwala. Choncho kuyambira Disembala mpaka Epulo musadikire kuti m'botolo mutsale mapiritsi awiri. Pitani tsiku lanu lisanakwane ngati kunja kukuopsa, ndipo fotokozerani adokotala kuti kwanu madzi amatseka njira. Mabuku a kuchipatala a banja lonse, makadi a sikelo a ana, ziphaso za unzika ndi mankhwala zikhale mu jumbo imodzi, kapena m'kandowa kotseka, kopachika pamtanda wa denga pomwe aliyense wamkulu m'nyumbamo akudziwa. Buku la kuchipatala likanyowa n'kufufutika, dokotala wachilendo amene wabwera kumsasa sadziwa kuti munkamwa mankhwala ati. Likakhalapo, mutha kulandira mankhwala pachipatala china chilichonse chomwe mwafikako. Pali vuto lina lomwe sitilitchula mokweza: m'kalasi momwe mwagona mabanja khumi, munthu amene sanaulule kuti amamwa ma ARV amachita manyazi kutulutsa botolo, ena mpaka amalisiya dala kunyumba. Njira yake ndi kukhala ndi munthu mmodzi wokhulupirika, kaya mnzanu wa m'banja, kaya mlangizi wa zaumoyo, amene akudziwa ndipo angakuthandizeni kupeza ena akatayika. Amene tilibe vutoli, ntchito yathu ndi kusayang'anitsitsa zomwe mnzathu akumwa.

Za amayi oyembekezera nkhani yake ndi yaifupi. Amene mwezi wake wochira ukugwera mu Januwale, Febuluwale kapena Malichi, ndipo pakati pa nyumba yake ndi chipatala pali mtsinje kapena dambo, apite kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, kaya ndi ku Nkhunga, ku Ngala, ku Liwaladzi, ku Dwambazi kapena komwe amachitira sikelo. Abambo amadandaula za amene atsale ndi ana ndi amene apalire. Zimenezo zikambidwe ndi achibale mu Novembala, chifukwa kutaya magazi pochira sikudikira kuti madzi aphwe.

Kusamuka nthawi ikadalipo

Nthambi ya zanyengo imalengeza mmene mvula ikhalire chaka chilichonse dzinja lisanayambe, ndipo imachenjeza pawayilesi, kuphatikizapo ya Nkhotakota Community Radio, ndi pamafoni mvula yamphamvu ikamayandikira. M'midzi muli makomiti oona za ngozi, omwe ambiri timawatchabe kuti a VCPC, ogwira ntchito pansi pa mafumu. Vuto si kusowa kwa chenjezo kokha, koma kuti chenjezo likabwera aliyense amayang'ana mnzake. Zifukwa zake n'zomveka. Anthu amaopa akuba, amaopa kusiya ziweto, ndipo amakumbukira chaka china pomwe anachenjezedwa madzi osabwera. Pa chomalizachi tinene mosabisa: zanyengo sizilosera molondola nthawi zonse, ndipo mudzasamuka ulendo wina pachabe. Koma kusamuka pachabe kumakutayitsani tulo ta usiku umodzi pakhonde la sukulu, pamene kukhala pachabe kumatha kukutayitsani mwana. Za akuba, yankho si lakuti banja lonse ligone m'nyumba yadothi yomwe maziko ake anyowa, koma lakuti ana, okalamba, olumala ndi oyembekezera atsogole kukadali kowala, amuna ochepa amphamvu n'kutsala akulondera mudzi mosinthana, ali pamalo okwera, ndipo nawonso achoke madzi akafika pachizindikiro chomwe munagwirizana. Chizindikirocho chikhale chooneka: mtengo wokhomedwa m'mbali mwa mtsinje wopakidwa utoto, ndi munthu wodziwika amene aziimba wezulo kapena ng'oma. Mabanja khumi oyandikana akhale pansi tsiku limodzi n'kutchulana maina: agogo akutiakuti adzawanyamula ndani, mnyamata wosayenda uja adzamubereka ndani, bwato lapafupi ndi la yani, mwini wake nambala yake ndi iti, tidzakumana pati. Komiti yomwe ili ndi maina m'kaundula koma sinayendepo njira yothawira ndi miyendo yake sinakonzeke. Pothawa, madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kugwetsa munthu wamkulu, ndipo kuno madzi osefukira amayenda ndi ng'ona, pamene njoka zimathawira pamalo ouma omwewo amene anthu akuthawirako, m'madenga ndi m'milu ya nkhuni. Wolumidwa ndi njoka musamutemere kapena kumumanga chingwe cholimba. Chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala.

Kumsasa ndi komwe matenda amapeza anthu ataunjikana. Sukulu yomwe zimbudzi zake zinamangidwira ana a masana imalandira anthu mazanamazana ogona pomwepo, ndipo zimadzaza m'masiku ochepa. Muyeso womwe mabungwe othandiza amatsata ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20 ndi malita 15 a madzi pa munthu patsiku, koma sabata yoyamba simudzaziona zimenezo. Choncho ntchito yoyamba ya amuna pamsasa, asanayambe kulemba maina a olandira ufa, ndi kukumba ngalande zazitali zosaya, kumunsi kwa malo ogona, mamita osachepera 30 kuchoka pamjigo kapena pachitsime, za amayi pazokha, za abambo pazokha, n'kutchinga ndi udzu kapena masaka. Aliyense akatha azikwirira ndi dothi kapena phulusa, ndipo pafupi pakhale mpondagiya wosambira m'manja. Khasu n'lofunika kulitenga pothawa chifukwa cha ntchito imeneyi. Chimbudzi cha mwana wakhanda anthu amachiyesa chosaopsa, n'kumachapira matewera pamjigo, koma chili ndi tizilombo tochuluka ngati cha wamkulu, ndipo chiyenera kutayidwa m'dzenje momwemo. Pakudya, tisiye kusamba m'manja m'beseni limodzi kuyambira wamkulu mpaka mwana wotsiriza, yemwe amasamba litsiro la onse. Tizithirirana. Chakudya chidyedwe chikadali chamoto, ndipo mango kapena nzimbe zotola m'madzi osefukira zisapite kukamwa zisanatsukidwe ndi madzi otetezedwa. Chikuku chimafala msanga pomwe ana agona mothithikana, n'chifukwa chake katemera wa ana ayenera kukhala wokwanira dzinja lisanafike. Mphere nazo zimayenda m'zofunda zobwerekana. Njira yopita kuchimbudzi ikhale yowala kapena atsikana aziperekezana, ndipo aliyense wofuna chiwerewere posinthana ndi thandizo akanenedwe kupolisi kapena kwa a komiti, kaya ndi wolemba maina kaya ndi ndani.

Nkhani yovuta kwambiri kuikamba ndi ya maliro. Mwambo wathu ndi kusambitsa thupi, kuligoneka m'nyumba, kuchezera usiku wonse ndi kudyera limodzi. Munthu akamwalira ndi kolera, thupi lake ndi zovala zake zimakhala ndi tizilombo tambiri, ndipo amayi amene asambitsa thupi nthawi zambiri ndi omwewo amene akaphike. Mliri wa 2022 uli m'kati, m'madera ena anthu anakwiya ndi a zaumoyo chifukwa choletsedwa kuona nkhope ya m'bale wawo, mphekesera n'kuyamba zoti kumatenti a kolera anthu akuphedwa dala, mpaka ena kumabisa odwala. Mkwiyo wa munthu amene walandidwa mwayi wotsanzikana ndi mayi ake ndi womveka, ndipo a zaumoyo ayenera kulola achibale kuona thupi ali chapatali ndi kupemphera monga mwa chipembedzo chawo, kaya ndi Akhristu kaya ndi Asilamu. Koma mphekesera ija iyenera kuyankhidwa. Anthu ankafera kumatenti chifukwa ankafikako mochedwa, ndipo mphekeserayo inkachititsa ena kuchedwa kwambiri, iwonso n'kukafera komweko, n'kuoneka ngati yatsimikizika. Ochira, omwe anali ochuluka kwambiri, ankabwerera kwawo mwakachetechete popanda wowawerenga. Mafumu, abusa, mashehe ndi adzukulu akumanda akambirane ndi mlangizi wa zaumoyo mliri usanafike, agwirizane za mmene maliro otere adzayendere: thupi likonzedwe ndi a zaumoyo ndi klorini, liikidwe tsiku lomwelo, ndipo pasaphikidwe chakudya cha gulu. Zogwirizana pamtendere zimamveka, pamene zolamula patsiku la maliro zimabala ndewu. Asodzi a m'madoko, omwe amagona m'misasa yopanda zimbudzi n'kumamwa madzi a m'nyanja ali pantchito, aziitanidwa kumisonkhano imeneyi ngakhale ali alendo, pakuti kolera amayenda ndi bwato kuchoka doko lina kupita lina. Chigubu cha madzi a klorini ndi mapaketi a Thanzi zizikwera nawo limodzi ndi nyali ndi mafuta a injini.

Madzi akaphwa

Anthu akabwerera kumidzi amaona ngati zatha, koma malungo amakhala akungoyamba kumene. Udzudzu umaikira mazira m'zithaphwi zomwe madzi asiya, ndipo pamatenga sabata imodzi kapena iwiri kuti ana ake auluke. Kachilombo ka malungo kamafunanso masiku khumi kapena kuposerapo m'thupi la udzudzu, kenako sabata ina kapena iwiri m'thupi la munthu asanayambe kumva kuzizidwa. Mukaphatikiza, odwala amachuluka patatha mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi yomwe mabungwe ambiri apakira kale katundu wawo. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma omwe malungo amavuta chaka chonse, n'chifukwa chake ntchito yopopera mankhwala m'nyumba inayambira kuno mu 2007, koma khoma lopoperedwa likagwa chitetezo chake chimagwera limodzi. Masikito ndiye ayenera kukhala m'katundu wothawa naye, ndipo amangidwe ngakhale pansi pa tenti kapena pamtengo. Kusokera masikito kukhala khoka logwirira tinsomba kapena kutchingira dimba, monga timaonera m'madoko, kumasiya ana pamtetete, komanso kumapha nsomba za mawa. Mwana akatentha thupi apite kukayezedwa magazi tsiku lomwelo, kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, ndipo mankhwala a malungo a LA amalizidwe masiku onse atatu ngakhale mwana ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri. Kukomoka, kulephera kuyamwa ndi kusanza chilichonse ndi zizindikiro zoti musagone naye. Ngati njira ikadali yovuta, imbani 929, nambala yaulere ya Unduna wa Zaumoyo, akuuzeni chochita muli kudikira. Ana amene akhala akusewera m'zithaphwi muziwafunsa za mkodzo, chifukwa likodzo limaonekera mochedwa ndipo mwana sanena yekha. Mankhwala ake alipo kuchipatala ndipo amagawidwanso m'masukulu.

Chitsime chomwe chinamira chikapidwe madzi onse ndi matope, a zaumoyo achithire klorini, ndipo madzi ake muzithirabe mankhwala kunyumba mpaka dzinja litatha. Ufa, makaka kapena mpunga zomwe zinanyowa ndi madzi osefukira n'kuchita nkhungu zisadyedwe, ngakhale kutaya chakudya nthawi ya njala kumawawa. Chimbudzi chimangidwe nyumba isanathe, chifukwa banja likhoza kugona m'chisakasa mwezi wathunthu osadwala, koma silingathe sabata likupita kutchire ndi kunyanja popanda kuika mudzi wonse pachiswe. Pamchenga dzenje likhale lozungulira, losatakata kwambiri, lomangidwa m'kati ndi njerwa, kapena lolowetsamo nsungwi zolukidwa monga timalukira nkhokwe, ndipo pamwamba pake pakwezedwe ndi dothi kuti madzi oyenda asalowemo. Komwe madzi a pansi ali pafupi kwambiri, dzenje lisazame, m'malo mwake chimbudzi chikwezedwe pachulu chochita kuunjika. Pabowo pakhale chivundikiro chokhala ndi chogwirira. Mukamaliza zimenezi, tsegulani jumbo ija, muone mapaketi a Thanzi omwe agwira ntchito ndi omwe masiku ake atha, ndipo mukapita kusikelo mwezi wotsatira mukapemphe ena.